ESP32 ikumaliza batire usiku umodzi komanso ikuphonya kuwerenga madzi, kodi vuto ndi memory?

Chikondi_waLifuwu

Abale muli bwanji nonse. Pali chinthu chandisowetsa tulo sabata yachitatu ino ndiye ndati ndifunse kuno mwina alipo amene anadutsamo kale. Ine ndimakhala kuno ku Lifuwu, Salima, malume anga ali ndi dimba abzalamo tomato ndi chimanga chilimwe chino. Ali ndi pampu ya sola yomwe imakoka madzi pachitsime kukathira mu thanki ya malita 1000, koma chitsimecho chimaphwa dzuwa likafika paliwombo ndiye pampu imangozungulira yopanda madzi, yoyamba ija inapsa choncho, ndalama zambirimbiri zinapita. Ndiye ine ndinawauza kuti malume musadandaule ndikupangirani kanthu koti kazizimitsa kokha.

Ndinatenga kabodi ka ESP32, sensa ya YF-S201 ija yoyeza madzi odutsa mu paipi, relay yoyatsira ndi kuzimitsira pampu, ka SIM800L kotumizira meseji, ndi ka switch ka maginito pa fulemu ya panelo kuti wina akaigwedeza usiku foni ya malume ilire poti kuno mapanelo akubedwa heve. Moto ndikutenga pa batire limodzi la 18650 lomwe ndinachotsa mu laputopu yakale, limadutsa pa ka booster ka 5V, masana limachajidwa ndi kapanelo kakang'ono. Khodi ndinalemba mu Arduino IDE koma ndi ma task anayi a FreeRTOS, kutanthauza timapulogalamu tinayi tosinthana pa purosesa, wina woyang'anira pampu, wina wolemba malita mu flash (memory yosafufutika moto ukazima) sekondi iliyonse, wina wa meseji, wina wa alamu.

Mavuto ndi awa. Batire likufa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi yomwe akuba amayendanso. Kachiwiri thanki ikadzadza malita 1000 kabodi kakumanena kuti 910 kapena 920, ndayesa kangapo sikafika. Ndipo pakatha masiku atatu kamangozimitsa nkuyambiranso kokha, zonse zomwe kanawerenga tsikulo nkutayika. Mnzanga wina akuti memory yachepa ndigule ESP32 yokhala ndi PSRAM, memory yowonjezera, koma kuitanitsa kumatenga mwezi ndipo ndalama ndilibe. Kodi ndi zoona? Ndithandizeni chonde, malume ayamba kundiyang'ana ndi diso lina.

Fundi_waDwangwa

Mphwanga usanayambe kukayikira memory yamba wayeza kaye. Tenga multimeter uyiike pa mA, dula waya wofiira wa batire uyilumikize pakatipo, uone kabodiko kakudya zingati kali chikhalire. Ine ndisanaone nkomwe ndikuti upeza cha m'ma 100 mA. Tsono batire la mu laputopu yakale ngakhale analemba 2200 mAh nthawi zambiri limakhala latsala ndi theka, tinene 1200. Gawa 1200 ndi 100, ndi maola 12. Kapanelo kako kamasiya kuchaja cha m'ma 4 madzulo, werenga wekha maola 12 uone ukufika nthawi yanji. Palibe ufiti apa, masamu basi.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa, chip ya ESP32 payokha ikagona tulo tofa nato tija ta deep sleep imadya cha m'ma 10 µA, koma kabodi komwe inakhalapo kali ndi akudya ena. Ka regulator ka AMS1117 kaja kamadya pafupifupi 5 mA ngakhale palibe chikugwira ntchito, kababu kofiira kaja nako, ka chip ka USB nako, booster wakoyo nayenso. Ine ndimachotsa zonsezo, ndimaika ka regulator kena kodya moto wochepa, HT7333, molunjika kuchoka pa batire. SIM800L usaipatse 5V, imafuna pakati pa 3.4 ndi 4.4V ndiye batire lako likuikwanira molunjika, koma uike capacitor yaikulu pafupi nayo chifukwa ikamalankhula ndi netiweki imakoka mpaka 2 A mwakanthawi kochepa. Za ma task ndi memory ndisiyira ana asukulu, ine zanga ndi mawaya.

Tadala_SengaBay

Achimwene a ku Lifuwu, PSRAM musagule, mungotaya ndalama. Vuto lanu si kuchepa kwa memory koma kuti chinthu chilichonse mwachiika pati. Ndifotokoza motalikirapo pang'ono mundipirire, chifukwa nkhani imeneyi ine inandizunza ndili kusukulu ndipo nditaimvetsa zinthu zambiri zinatseguka.

ESP32 ili ndi SRAM ya 520 KB mkati mwa chip mwenimwenimo. Koma khodi yanu yambiri sikhala mmenemo, imakhala mu flash, ndipo flash imeneyo ndi chip ina yapadera, kawirikawiri ya 4 MB, yomwe imalankhulana ndi purosesa kudzera pa mawaya a SPI. Taganizani mukuphika nsima. SRAM ndi lichero lomwe lili pambali panu pamafuwa, mungotambasula dzanja mwatapa ufa. Flash ndi thumba lomwe lili kuchipinda, muyenera kudzuka, kuyenda, kumasula, kubwerera. Ulendo uliwonse wopita kuthumba umadya nthawi komanso umadya moto wa batire kuposa kutapa palichero, chifukwa kuyendetsa ma signal pa mawaya otuluka kunja kwa chip kumafuna mphamvu zambiri kusiyana ndi mkati. PSRAM yomwe mnzanuyo akunena nayonso ili kunja, ndi thumba lina lakuchipinda komweko.

Pofuna kuchepetsa maulendowo anaikapo cache, pa ESP32 ndi 32 KB pa core iliyonse. Cache ili ngati mwana womutuma amene amasankha yekha zoti azisiya palichero, amangoona zomwe mwagwiritsa ntchito posachedwa nkuganiza kuti muzifunanso. Mukamaphika nokha zimayenda bwino. Koma inu muli ndi ophika anayi pa lichero limodzi. Task ya meseji ikalowa imadzadza cache ndi zake, za task ya pampu zimachotsedwa, ndiye ya pampu ikabwerera ipeza zake kulibe iyambenso ulendo wakuchipinda. Mapeto ake khodi yomweyomweyo lero itenga nthawi yochepa mawa yaitali, simungalonjeze kuti imaliza liti. Kwa chinthu chomwe chiyenera kuchitika pa nthawi yake, monga kuzimitsa pampu isanapse, kapena mabuleki a galimoto, kusadziwika kumeneko ndiye mdani wamkulu.

Nchifukwa chake akatswiri a zimenezi amakonda chomwe amati scratchpad, kachigawo ka SRAM komwe inuyo wolemba khodi mumasankha nokha choikamo ndipo palibe amachichotsa. Cache imafunika kusunga ma tag ndi kufananiza ma address nthawi iliyonse purosesa ikafuna kanthu, zonsezo zimadya moto ndi malo pa chip, pomwe scratchpad ilibe zimenezo. Mu 2002 Rajeshwari Banakar ndi anzake, a ku IIT Delhi ndi ku Dortmund ndi Peter Marwedel, anayerekeza ziwirizi nkupeza kuti scratchpad imapulumutsa mphamvu pafupifupi 40 peresenti. Pa ma chip a ARM monga Cortex-M7 amaitcha TCM, pa STM32F407 pali 64 KB ya CCM. Pa ESP32 yanuyo njira yake ndi IRAM_ATTR, mukalemba mawu amenewo patsogolo pa function imakakhala mu SRAM yamkati osati mu flash.

Tsono malita anu osowawo ndikuganiza akupita apa. Nthawi yomwe ESP32 ikulemba kapena kufufuta mu flash, cache imazimitsidwa, chifukwa flash singawerengedwe ndi kulembedwa nthawi imodzi. Khodi iliyonse yomwe ili mu flash imaima kudikira. Flash imafufutidwa m'zigawo za 4 KB ndipo chigawo chimodzi chimatenga ma millisecond makumi angapo. YF-S201 imatulutsa ma pulse pafupifupi 450 pa lita, madzi akamayenda malita 20 pa miniti ndi ma pulse 150 pa sekondi, kutanthauza kuti imodzi pa ma millisecond 7 aliwonse. Inu mukulemba sekondi iliyonse, ndiye sekondi iliyonse pali kampata komwe interrupt yanu, function yomwe imadzuka pulse iliyonse ikafika, yatsekedwa pakamwa ma pulse akungodutsa osawerengedwa. Kaphatikizeni mpaka thanki itadzadza, malita 80 aja ndi amenewo.

Musamalembe mu flash sekondi iliyonse, mukuipha nayonso, chigawo chilichonse chimapirira kufufutidwa cha m'ma 100,000 basi. Mu ESP32 muli kamemory kena kakang'ono ka 8 KB kotchedwa RTC slow memory. Chip ikalowa deep sleep SRAM yaikulu ija imazimitsidwa yonse, ndi mmene moto umatsikira kufika pa ma µA, poti SRAM imadontha moto ikangokhala yoyaka ngakhale musakuigwiritsa ntchito, ndipo kukatentha ngati kwathu kuno mu Okutobala kudonthako kumakula. Koma ka 8 KB kaja kamatsala maso. Lembani RTC_DATA_ATTR patsogolo pa array yanu, muzisungamo malita kamodzi pa miniti, ma byte 8 pa mzere ndi ma byte 480 pa ola, ndiye muzikhuthulira mu flash kamodzi pa ola kapena pampu ikaima. Mungodziwa kuti batire likafa kapena mukalichotsa za mmenemo zimapita.

Ndipo usiku pampu ya sola sigwira ntchito, ndiye purosesa ikuthamangiranji pa 240 MHz mpaka kucha? Igonetseni. Ka switch ka maginito kaja kaikeni pa pini ya RTC GPIO monga 33 muzigwiritsa ntchito ext0 wakeup, wakuba akagwedeza fulemu chip idzuka yokha. SIM800L nayo ili ndi tulo take, AT+CSCLK=1 ndi pini ya DTR. Masana tsitsani liwiro lifike 80 MHz, ntchito yanuyo ikukwana.

Za kuyambiranso pa masiku atatu, sindikizani ESP.getFreeHeap() pa Serial mphindi zingapo zilizonse muone ngati nambala ya heap, memory yomwe yatsala yosagwiritsidwa ntchito, ikutsika. Mudzatiuze.

Benga_Tech

Achemwali afotokoza bwino koma ine ndikuti mwatenga thirakitala kukalimira bedi la mpiru. Ntchito imeneyi ATmega328P ya pa Arduino Pro Mini ikanaigwira bwinobwino, SRAM 2 KB, flash 32 KB, zonse zili mkati mwa chip imodzi, cache mulibe, ndiye instruction iliyonse umadziwa kuti itenga ma cycle angati lero ndi mawa chimodzimodzi. RTOS ngati FreeRTOS ija osafunika, loop imodzi ndi interrupt basi, ikagona imadya ma µA ochepa. Ine kuno ku Benga ndinapangira munthu kowerengera madzi pa dziwe la nsomba ndi imeneyo, chaka chatha tsopano sindinakaikhudze. 2 KB imakuphunzitsa ulemu, sungalembe String paliponse ngati ukumwaza mbewu.

Koma poti ESP32 muli nayo kale ndiwonjezere chimodzi. IRAM_ATTR payokha nthawi zina sikwanira, interrupt iyenera kulembetsedwa ndi ESP_INTR_FLAG_IRAM kuti izigwirabe ntchito pomwe cache yazimitsidwa, ndipo chilichonse chomwe function imeneyo ikuitana chikhalenso mu IRAM, SRAM yamkati ija, mukaikamo Serial.print mudzaona uthenga uja woti Cache disabled but cached memory region accessed kenako yagwa. Njira yachidule ndi PCNT, ka hardware kowerenga ma pulse komwe kali kale mu ESP32. Kamawerenga kokha purosesa isakudziwa nkomwe, inu mumangopita kukatenga nambala sekondi iliyonse. Flash ilembe isalembe, palibe pulse yotayika.

Chikondi_waLifuwu

Akuluakulu zikomo kwambiri, dzulo ndinakhala kudimba kuyambira mmawa ndi laputopu pansi pa mtengo wa mango. A Fundi munalasa, multimeter inawonetsa 96 mA kabodi kali chikhalire usiku, ndinachita kugwira pakamwa.

Achemwali a Tadala, heap ija ikutsikadi. Poyamba inali cha m'ma 290,000, ndipo pa mphindi 3 zilizonse imachepa ndi ma byte 200 ndi kena pang'ono. Nditafufuza ndapeza kuti mu task ya meseji, pomwe ndimaona ngati malume atumiza lamulo, ndinalemba malloc(200) yobwereka ma byte 200 osungira yankho la SIM800L koma free yowabweza ndinaiika mkati mwa if, ndiye imamasula pokhapokha meseji ikapezeka, ikapanda kupezeka ma byte 200 apita. Pa tsiku ndi maulendo 480, kuchulukitsa ndi 200 ndi 96,000, masiku atatu yatha yonse ndendende mmene zimachitikira. Ndinakhala kaye chete kwa kanthawi poganiza kuti ndikanagula ya PSRAM ndikanangotalikitsa masiku vuto lili pomwepo. Pano ndaika char buffer imodzi ya static pamwamba, malloc ndachotseratu.

A Benga ndamva, ulendo wina ndidzayesa Pro Mini, pano ndatenga ya PCNT ija, thanki yadzadza kawiri yawerenga 987 ndi 994, zotsalazo mwina ndi sensa yomwe.

Koma pali china ndinaiwala kunena. Madzi akaphwa pampu imayenera kuzima pasanathe masekondi 3, ndipo nthawi zambiri imatero, koma dzulo ndinaona ndi maso anga ikulira yopanda madzi pafupifupi masekondi 15, mtima unali mmwamba ndinachita kuthamanga kukazula waya. Inali nthawi yomwe kabodi kamatumiza meseji ndipo netiweki kudimbako ndi yovuta. Task ya pampu ndinaipatsa priority yapamwamba kuposa onse, ndiye zikutheka bwanji? Ndimagwiritsa ntchito semaphore imodzi, yomwe ili ngati kiyi wogwiridwa ndi task imodzi pa nthawi, kuteteza struct yomwe muli malita ndi ma status, onse anayi amaitenga. Komanso stack, memory yomwe task imagwiriramo ntchito, ndinangopatsa 10000 task iliyonse poopa, kaya ndi zambiri kaya.

Tadala_SengaBay

Eya, apo ndiye mwafika pa mtima pa nkhani ya real-time. Priority imagwira ntchito pokhapokha task ili yokonzeka kuthamanga. Ngati ya meseji yatenga kiyi nkupita naye kukadikira netiweki masekondi 15, ya pampu ngakhale ikhale mfumu idzaima pakhomo kudikira kiyiyo. Tayang'anani khodi yanu, ndikukhulupirira mwatenga semaphore musanayambe AT+CMGS ndipo mukuibweza meseji itapita. Musatero. Tengani kiyi, koperani manambala anu mu variable za task yomweyo, bwezani kiyi pompo, kenako muzikalimbana ndi netiweki manja ali opanda kanthu.

Vuto lachibale ndi limeneli linagwira ngakhale a NASA. Mu Julaye 1997 Mars Pathfinder itatera pa Mars kompyuta yake inkangoyambiranso yokha. Inkayendera VxWorks, task yaing'ono yotolera za nyengo inkagwira kiyi, ina yapakati nkuilanda purosesa, yofunika kwambiri nkumadikira mpaka watchdog, kamlonda koyang'anira ngati zonse zikuyenda, kuona kuti zaima nkuyambitsanso zonse. Amati priority inversion. Anakonza ali pansi pano potumiza kusintha koyatsa priority inheritance, kuti wogwira kiyi azibwereka ulemu wa amene akumudikira mpaka atabweza. Mu FreeRTOS xSemaphoreCreateMutex ili nazo zimenezi koma binary semaphore ilibe, ndiye sinthani. Kungoti inheritance singakupulumutseni ngati wogwira kiyiyo akudikira netiweki, imathandiza pokhapokha akusowa purosesa.

Ine ndikanakhala inu task ya pampu sindikanaipatsa kiyi aliyense. Iziwerenga PCNT yokha, izizimitsa relay yokha, ikafuna kuuza anzake iziponya mu queue ndi timeout ya 0, queue ikadzadza uthenga utayike koma pampu izime. Ndipo kumbukirani kuti flash ikamalembedwa ma task onse amaima kaye, chifukwa chinanso cholembera kamodzi pa ola.

Za stack, 10000 kanayi ndi ma byte 40,000, poti pa ESP32 nambala imeneyo ndi ma byte, pomwe pa FreeRTOS ya ma chip ena ndi ma word, ambiri amasokonezeka pamenepo. Pa ESP32 sizikupwetekani kwenikweni koma ndi chizolowezi choipa, tsiku lomwe mudzagwire STM32F103 ya Blue Pill yokhala ndi 20 KB yokha mudzalira. Itanani uxTaskGetStackHighWaterMark pa task iliyonse kabodi katagwira ntchito tsiku lathunthu, meseji zitatumizidwa, alamu italira, imakuuzani malo omwe sanakhudzidwepo chiyambire. Dulani potengera pamenepo musiye mpata wabwino pamwamba. Mukatero gwiritsani ntchito xTaskCreateStatic, memory yonse igawidwe pomanga pulogalamu, ikachepa linker akuuzani muli pa laputopu kunyumba osati kudimba tsiku lachitatu.

Fundi_waDwangwa

Mphwanga wagwira ntchito, ambiri akanangotaya kabodiko nkumati nkabodza. Kanthu kamodzi ka ife amawaya, bokosi lakolo usalisiye padzuwa, 18650 sigwirizana ndi kutentha kwa kunyanja kuno, liike pansi pa panelo pamthunzi. Ndipo mabowo olowera mawaya uwamate ndi silikoni, nyerere zimakonda kumanga pa kabodi kofunda, ine zinandiwotchera ziwiri.

Chikondi_waLifuwu

Ndabweranso abale, lero ndi tsiku la 6 sikanayambirenso ngakhale kamodzi, heap yaima pamodzimodzi. Semaphore ija inalidi mmene munanenera achemwali, ndinaigwira mpaka meseji ipite. Pano pampu ili ndi task yakeyake yopanda kiyi, ndayesa kasanu kutseka madzi dala uku meseji ikutumizidwa, ikuzima pa masekondi 3 nthawi zonse. Ya pampu inkagwiritsa ntchito stack yosakwana 1500 pa 10000 ija, ya meseji ndi yomwe imadya kwambiri ndaisiyira 4096.

Usiku multimeter ikuwonetsa 14 mA kuchoka pa 96, ndipo apo booster ndi AMS1117 zikadalipo, kababu kokha ndi komwe ndachotsa. Dzulo kunacha batire lili pa 3.9V. Malume anagwedeza okha fulemu cha m'ma 9 usiku kuti aone, foni yawo inalira asanafike nkomwe pa mpanda. HT7333 ndamutuma mnzanga amene akupita ku Lilongwe Loweruka, a Fundi ikafika ndidzakufunsani kuti capacitor yake ndiike ya ma µF angati chifukwa pamenepo sindikufuna kungoganizira.